Telala Amene Anakhala Pakati pa Yoga ndi Tayichi

Panali telala wina m'tauni ina ya kuno kwathu. Ankasokera pakhonde la golosale, pa makina opalasa ndi phazi, ndipo anakhala pampando womwewo zaka makumi atatu. Msana unayamba kumuwawa, mwendo wakumanja n'kumachita dzanzi. Tsono mwana wake wamkazi wotsiriza anali atapeza banja, ukwati uli mu Okutobala, ndipo telalayo anali atalonjeza pamaso pa abale kuti diresi la ukwatilo adzasoka yekha ndi manja ake.

Atapita kuchipatala, dokotala sanamubisire. Anati, "Bambo, thupi lanuli laumira pampando. Mukapanda kumaliwongola tsiku ndi tsiku, phazili lidzakana kupalasa. Pabwalo la sukulu pamakhala magulu awiri olimbitsa thupi m'mawa uliwonse, kasankhenipo limodzi."

Umenewo unali mwezi wa Epulo. M'mawa mwake telala anapita kubwaloko atanyamula kampando kake.

Kumanzere anapeza gulu la yoga. Anthu ayala timphasa, ena agwada, ena apinda miyendo, maso ali tseke, akupuma pang'onopang'ono. Ankawatsogolera anali Mayi Kalonjere, namwino wopuma pantchito. Telala anati mumtima, "Munthu kutseka maso n'kuphatikiza manja dzuwa likutuluka, akupembedza ndani ameneyu?"

Kumanja kunali gulu la tayichi. Awa anali chiimire, akuyendetsa manja m'mwamba ndi m'munsi mosafulumira, ngati munthu woyenda m'madzi ofika m'khosi. Ankawaphunzitsa anali Bambo Mtambalika, amene anazitola kusukulu ku China. Telala anang'ung'udzanso, "Nanga awa akukankha chiyani chimene ine sindikuchiona?"

Ndiye anaika kampando kake pakati penipeni, nakhala pansi kuti aunike kaye.

Abale, musamuseke msanga. Kufunsa si tchimo. Inenso nditaziona koyamba ndinafunsa, ndipo mpaka lero chinthu chachilendo sindichimeza ndisanachinunkhize. Vuto la mkulu ameneyu linali lakuti ankafunsa osafuna yankho.

Mayi Kalonjere anabwera kwa iye n'kunena kuti, "Bambo, tengani kamphasa aka. Mukatseka maso muzipemphera kwa Mulungu wanu yemweyo, ndipo chimene mtima wanu ukukana musachite." Telala anati mumtima, ehe, umu ndi mmene amakopera anthu.

Bambo Mtambalika nawo anamuuza kuti, "Achimwene, ngati zathuzi zikukuvutani, bwanji muzingoyenda kuzungulira bwaloli kasanu? Mwendo ungothokoza." Iye anati, ameneyu akufuna ndizolowere malo ano kuti adzandikole bwino.

Meyi anatha ali pakampando. Juni anatha ali pakampando, atafunda jekete. Anadziwa amene amachedwa, amene amaseka, ndi mayi amene amavala zothina. Akabwerera pakhonde paja ankasimbira makasitomala zonse, ndipo iwo ankamutama kuti bambo awa ndi osamala pa za uzimu. Komatu mwendo sunkamva nawo matamandowo, dzanzi linali litakwera kufika m'chiuno.

Kumayambiriro kwa Okutobala anayala nsalu yoyera patebulo, naidula bwinobwino, poti manja anali akadali aluso. Anakhala pamakina, naika phazi pa chopalasira. Phazi linangoti zii. Analinyamula ndi manja n'kuliikanso, koma makina sanazungulire. Anayesa ndi lakumanzere, ululu wa msana unamugwira mpaka misozi.

Mwana wake anadikira masiku anayi. Tsiku lachisanu anasonkhanitsa zidutswa zija m'jumbo, nati, "Ababa, mundikhululukire, masiku atha." Anawoloka nazo msewu kupita kwa telala wa tsidya, yemwe bambo akewo anakhala akumunena zaka zonse kuti sadziwa kusoka. Mkulu uja anakhala pakhonde tsiku lonse akumva makina a mnzakeyo akulira pa nsalu imene anadula yekha.

Pa tsiku la ukwati anamulowetsa m'tchalitchi atamugwira uku ndi uku. Mayi wina wosadziwa nkhani anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Koma diresi ili mwasoka, bambo. Mwana wanu mwamulemekeza." Telala anangoweramitsa mutu. Zimandimvetsa chisoni ndikamazinena.

Tsono mverani, inu muli pano. Sindinaime pano kuti ndikusankhireni yoga kapena tayichi, ayi. Chimene chikumbumtima chanu chikukana, chisiyeni, palibe akukakamizeni. Koma ine munthu amene amakayikira aliyense kupatula iye mwini ndimamukayikira kwambiri. Telala uja sankaopa mizimu. Ankaopa thukuta. Ankachita manyazi kuti anthu amuona bambo wamkulu akulephera kugwira zala za kumapazi, ndiye manyaziwo anawatcha kuopa Mulungu. Zikanakhala zoona, akanayenda kuzungulira bwalo, poti m'kuyenda munalibe choti n'kukayikira.

Enafe ndi momwemo. Kwaya mwaikayikira, akuti amadzionetsera. Mapemphero a m'dera mwawakayikira, akuti kumakhala miseche. Kukaona odwala mwakukayikira, akuti ena amapitira kutchuka. Chabwino, mwina mukunena zoona. Nanga panokha kunyumba kwanu mwapemphera liti? Mwatsegula liti Mawu? Mukadali pampando, mukuunika anzanu, mtima ukuuma osadziwa.

Lidzafika tsiku limene mwana wanu, kapena mkazi wanu, kapena mnansi wanu adzafuna pemphero lanu mwamsanga, inu mudzatsegula pakamwa n'kupeza kuti mulibe kanthu. Funsani, inde, unikani. Koma mukayankhidwa, dzukani muchitepo chimodzi mwendo ukadamva.