Mapu a Mayi Verna

Chaka chimene mayi Verna anamwalira, amuna awo, a Orval Tidwell, anasiya kupita kunyumba yochapirako zovala ya pamsasa. Sikuti makina a kumeneko anali oipa ayi. Vuto linali amayi a pamsasapo. Ukangolowa ndi dengu lako, wina wakulanda kale malaya kuti akupindire, wina akufunsa ngati wadya, wina wangokuyang'ana ndi maso a pamaliro. A Orval sankafuna kumveredwa chisoni. Anapirira mpaka mvula yozizira itayamba, ndipo m'mawa wina anatulukira ndi makatoni awiri aakulu kumbuyo kwa galimoto yawo. Munali makina ochapira ndi makina oumitsira zovala, aja osanjikiza.

Kalavani yawo, kanyumba ka matayala kokokedwa ndi galimoto, inali pamsasa wa makalavani wa m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Oregon, pansi pa mitengo italiitali pamene nkhungu imatandala tsiku lonse. Nyumba yawo inali yomweyo basi. Atapuma pa ntchito ya ukalipentala anagulitsa nyumba yeniyeni n'kuyamba kuyendayenda ndi akazi awo, kalavani ili pambuyo. Kunja kwake, pakhoma la kuchipinda, panali mapu a dziko lawo lonse. Chigawo chilichonse chimene agonamo, mayi Verna ankamatapo kapepala ka mtundu wake, monga amachitira anthu a makalavani. Kungodutsa sikunkawerengedwa, umayenera kugonamo. Mapuwo anali atadzaza, kupatula malo amodzi oyera pa North Dakota, ndipo kapepala kake a Orval ankayenda nako m'thumba la malaya. Pa zinthu zonse zimene mayiwo anasiya, mapu amenewa ndiwo a Orval ankawapukuta ndi nsalu m'mawa uliwonse.

Kalavani yoyandikana nayo inali ya a Nadine, mng'ono wawo wa malemuwo, mayi wamasiye amene pakamwa pake sipankatera ntchentche. Iwowa ndiwo anathandiza kukankha makinawo mpaka alowe m'kabati ya zovala ya kuchipinda, mmene opanga kalavani anasiyiratu mapaipi a madzi.

"Alamu, msana wanga ukathyoka mundikwatira inuyo," anatero a Nadine ali wefuwefu.

"Ndiye kankhani bwino, ndakupemphani."

Makina atakhazikika, ochapira pansi, oumitsira pamwamba, a Orval anawamanga ndi malamba kuti asadzagwe paulendo. A Nadine anatola paipi yonyezimira ija yotulutsira nthunzi, n'kuigwedeza.

"Nanga chitamba cha njovuchi chitulukira pati?"

A Nadine anatuluka, nazungulira kalavani, n'kugogoda kunja pamene panayang'anizana ndi kumbuyo kwa makina. Chala chawo chinagwera pakati penipeni pa mapu.

"Ndi pa Kansas," anafuula. "Mwayi wanu. Chibowo chake n'chaching'ono ngati kukamwa kwa kapu. Chotsani Kansas yekhayo. Ndani anamusowapo Kansas? Ine ndi achemwali tinabadwira komweko, ndipo tinathawako tili ndi mano onse."

"Pakhoma limenelo sipafika sowo."

"Nanga nthunzi ipita kuti? Yanga inabooledwa, bwerani mudzaone. Kalavani si nyumba ya matabwa, alamu. Anaimata paliponse ngati chitini cha nsomba."

"Zimenezo ndikuzidziwa kale," anatero a Orval. "Ndamanga nyumba moyo wanga wonse, inu mukuphika maungu. Khoma limapuma lokha. Nthunzi itsika m'kati mwa khomamo, ikatulukira pansi."

Mawu akuti "ndikudziwa kale" a Orval anabadwa nawo. Ankawanena kwa dokotala, kwa abusa, ngakhale kwa munthu wowalozera njira atasochera. Choncho anaboola thabwa lam'kati lokha, n'kulowetsa paipi mumpata wa pakati pa khoma lam'kati ndi chikuto chakunja, mmene muli thonje lotchinga kuzizira. Anamata bwinobwino m'mbali, chifukwa ntchito ya manja ankaidziwadi. Kunja mapu anakhala osakhudzidwa, ndipo mtima wawo unakhala pansi.

Masabata oyamba zonse zinayenda bwino. Zovala zinkatuluka zouma, zofunda, ndipo palibe ankawafunsa ngati adya.

Kenaka tsiku lina masana, makina oumitsira akuzungulira, mazenera a kuchipinda anachita thukuta. A Orval analowa kukatenga magalasi awo a maso, n'kuima chilili. Pazenera la kumutu kwa bedi panali chithunzi cha kapu, chojambulidwa ndi chala, tinthunzi titatu tikukwera pamwamba pake. Pambali pake panali chikhatho chaching'ono, chala chamkombaphala chili chokhota. Mayi Verna ndiwo ankajambula kapu yotero m'mawa kukazizira, osalankhula kanthu, kutanthauza kuti bambo dzukani mukateleke khofi. Chala chawocho chinakhota ali mwana.

A Orval anakhala pabedi n'kuyang'anitsitsa mpaka makina atasiya, galasi litauma, kapu ija itazimiririka. Kenaka, mosadziwa chimene akuchita, anapita kukateleka khofi, makapu awiri.

Mawa lake analibe chochapa. Anatsegula bokosi la pansi pa bedi, n'kutulutsa zovala za malemuwo: diresi labuluu, juzi yachikasu, mipango. Anazichapa, naziika mooumitsira, n'kukhala pabedi kudikira. Kapu ija inabweranso. Ndipo nthawi imeneyi panabweranso fungo, fungo la sopo wa maluwa amene mayi Verna ankasambira, likutuluka m'khoma mwenimwenimo. A Orval analira kwa nthawi yoyamba chichokereni kumanda, ndipo kulirako kunawakomera.

Kuyambira pamenepo makina aja sankapuma. Zovala zomwezo zinkachapidwa lero, mawa, mkucha, mpaka diresi labuluu linayamba kupyapyala. Galu wawo, Pepper, amene ankagona kumiyendo kwa bedi chikhalire, anasamukira kukhomo. Akamuitana ankafika pachitseko cha kuchipinda, n'kuima, maso ali pakhoma, ubweya wa pamsana uli nyankhalala. M'khomamo munayamba kumveka timaphokoso, makamaka makina akangozima: kuthetheka pang'ono, kenaka ngati munthu akukanda ndi chikhadabo, kenaka zii. Pakhoma pamwamba pa pilo, mbali imene mayi Verna ankagona, panatuluka banga lakuda lozungulira, lofanana ndi pamene pamatsamira mutu wa munthu. A Orval akalipukuta, linkabwerera litakula.

A Nadine anayamba kudabwa ndi phokoso losatha la makina. Tsiku lina masana anabwera ndi mbale ya nyemba ndi buledi wa chimanga, koma asanafike pakhomo anaima pafupi ndi mapu.

"Alamu, tatulukani."

Khoma linali litatupa. Kuchokera ku Texas kukafika ku Nebraska, chikuto chakunja chinali chitatukuka, chosalala, ngati phewa ndi msana wa munthu amene watsamira kuchokera m'kati. Timapepala ta zigawo tinali titayamba kukwinyika m'mphepete. A Nadine anaika mbale pansi, natambasula dzanja, n'kusindikiza pang'ono pa Kansas. Khoma linalowa mofewa ngati mimba. Kenaka, kuchokera mumsoko wa pansi pa zenera, munatuluka mpweya wofunda, pang'onopang'ono, ndi kaphokoso konga kuusa moyo. Unali ndi fungo la sopo wa maluwa.

A Nadine anabwerera m'mbuyo mpaka kuponda m'mbale ya nyemba. Nthabwala zonse zinawathera. Analowa m'kalavani, naona banga lija, naona kapu ndi chikhatho pazenera, ndipo anagwira pakamwa. Chala chokhotacho ankachidziwa kuposa wina aliyense, chifukwa ndi iwo anachipana ndi chitseko ali ana.

"Mwaona?" anatero a Orval motsitsa mawu. "Amabwera makina akamazungulira."

A Nadine anadzilimbitsa mtima.

"Orval, tamverani. Galasi limasunga mafuta a chala. Simunalitsukepo zenerali chimwalirireni achemwali, ndiye nthunzi ikagunda, zakale zimaonekera. Nanenso zandiwawa, musaone ngati ndine mwala. Koma achemwali ali ku Kansas, pansi pa nthaka, ndipo dothi loyamba ndinaponya ndine. Chili m'khomamu ndi madzi. Banga ilo ndi chuku. Matabwa akuola, guluu akusungunuka. Boolani lero, khoma liume, mapu apulumuka."

"Ndikudziwa kale chimene chili m'khomamo."

"Ngati mukudziwa, sowo ili kuti?"

A Orval anayang'ana pazenera. Kapu inali ikuzimiririka kuyambira kuchogwirira.

"Ndikaboola atulukira pomwepo," anatero.

Munthu wouma mutu ungamukalipire, koma uyu anali wouma mutu ndiponso wosweka mtima, ndipo zikaphatikizana ziwirizi ngakhale abusa amangotola chipewa chawo. A Nadine anatuluka, natola mbale yawo, ndipo Pepper anawatsatira mpaka kwawo osacheuka.

Nyengo yozizira inatha makina akuzungulirabe. Dzuwa litayamba kuoneka, anthu a pamsasa anayamba kumangirira makalavani awo kumagalimoto, aliyense kulowera kwake. A Orval anati chaka chino akagona ku North Dakota, akamate kapepala kotsiriza, mapu a akazi awo akwanire. A Nadine anati apita nawo.

"Osati chifukwa ndimakukondani," anatero akukwera galimoto, galu ali pamiyendo. "Ndikufuna pakhale munthu wouza apolisi dzina lanu."

"Khalani chete, mungandigonetse."

Asananyamuke, a Nadine anapempha kuti amange khomalo ndi malamba kapena alikhomerere timisomali. A Orval anati misomali siyandikira mapu, ndipo khoma limene laima chisanu chonse silingagwe ndi dzuwa.

Anayenda bwino m'mawa wonse. Masana analowa mumsewu waukulu umene umatsata mtsinje wa Columbia pakati pa mapiri, kumene mphepo imawomba ngati yatumidwa. Galimoto zikuluzikulu za katundu zinkawadutsa, kalavani n'kumagwedezeka. Pepper anayamba kulira chapansipansi. Kenaka kumbuyo kunamveka phokoso lija a Orval ankalidziwa, kuthetheka ndi kukanda, koma tsopano lalikulu loti n'kumveka pamwamba pa injini.

Anayang'ana pagalasi lam'mbali. Anaona msoko wa pansi pa zenera ukutseguka, mphepo ikulowa, khoma likufufuma. Ndiye chikuto chonse cha mbali ya kuchipinda chinasendeka, chinaima m'mwamba kanthawi, choyera, chotambasuka ngati nsalu imene mayi akuikung'untha pachingwe. Anaona mitundu yonse ya mapu, zofiira, zobiriwira, zachikasu, ndi kamalo koyera kumtunda. Kenaka mphepo inachinyamula, n'kuchiwolotsa zitsulo za m'mphepete mwa msewu, n'kupita nacho kumunsi kumtsinje.

Pamene ankaimitsa galimoto n'kuthamangira kuzitsulozo, chinali chili kale pakati pa madzi, chikutembenuka pang'onopang'ono. Anachiyang'ana mpaka chinamira.

Atabwerera kukalavani anapeza a Nadine ataima, atagwira mphuno ndi mpango. M'mbali mwa kalavani munali chibowo chachikulu choti munthu n'kulowa osawerama. Matabwa anali akuda bii, ofewa, akuyoyoka okha. Thonje lija linali litanyowa ngati chinkhupule, ndipo lonse linali litakutidwa ndi tiubweya ta zovala, tabuluu ndi tachikasu, tomatana ndi chuku. Paipi yonyezimira inali lende pakati pake, ikudontha. Fungo la sopo wa maluwa panalibe. Panali fungo la chinthu chimene chakhala chikuola nthawi yaitali. Kudzera m'matabwa oyoyokawo ankaona bedi lawo ndi makina awiri aja, ataima bwinobwino m'malamba awo, osasunthika ngakhale pang'ono. Zenera la kumutu kwa bedi linali litagwa, galasi lake lili mbwee pamsewu.

A Nadine anali ndi mawu ambiri amene akanatha kunena, ndipo onse akanakhala oona. Anangowagwira mkono alamu awo.

A Orval anapisa m'thumba la malaya, natulutsa kapepala ka North Dakota. Anakayang'ana, nayang'ana pamene panali khoma, dzanja lili m'malere. Panalibe pokamata.

"Chinali chibowo chonga kukamwa kwa kapu," anatero. "Mwati Kansas yekha?"

"Kansas yekha, alamu."

Anakabweza m'thumba kapepala kaja, nakhala pansi m'mphepete mwa msewu, galimoto zikudutsa. Nthunzi imene anaikaniza kabowo inali itadzitsegulira yokha khomo, n'kutuluka ndi zonse zimene ankazitchinjiriza. Akuluakulu sananame pamene anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.