Mkamwini Wosunga Mbedza

Panali munthu wina amene anakwatira m'mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Bua. Kwawo kunali kumtunda, kumene nsomba amazidziwa zouma zokha, za pamsika. Atafika kuchikamwini anagula mbedza khumi, nazibaya pa chitsononkho, nayamba kuphunzira kuwedza.

Pamtsinjepo panali dziwe limene mkuyu waukulu unagweramo kalekale. Pansi pa nthambi zake ndi pamene milamba inkagona. Aliyense ankadziwa zimenezi, ndi iye yemwe. Koma tsiku lake loyamba anaona msodzi wina akulimbana ndi chingwe chokodwa m'nthambizo mpaka chinaduka, mbedza n'kutsalira pansi pa madzi. Mantha anamulowa. Kuyambira pamenepo ankaponya pamchenga poyera, pamene madzi amaonekera mpaka pansi. Mbedza yake sinkakodwa ndi kanthu, ngakhale ndi mlamba womwe. Ankabwerako ndi timatemba tiwiri, tsiku lina chimanjamanja, mbedza zonse khumi zili phuliphuli ngati zangochoka m'sitolo. Ndipo munthuyu ankadzitama nazo, ati ndine wosamala! Kusamala kotereku ine kumandimvetsa chisoni.

Tsono mkazi wake, Nankhoma, anaima. Pakatipo panadza ndi nkhuli imodzi yokha, ya mlamba. Chakudya china chilichonse chinkamubwerera kukhosi. Masiku anapita, masaya anayamba kulowa, ndipo akati aimirire ankachita chizungulire. Apongozi zinawawawa, koma mwambo sukanawalola kukamudzudzula mkamwini maso ndi maso. Anatuma mlongo wake wa Nankhoma, bambo wamkulu wosaopa kulankhula, poti pachilamu mawu olasa amadutsira m'nthabwala.

Mlamuyo anamupeza pamchenga pomwe paja. Anatola chitsononkho chija, nachitembenuzatembenuza.

"Alamu, mbedzazi mukusungira adzukulu kodi? Mlongo wanga akutha ngati sopo kunyumbaku, inu muli pano kusambitsa nyongolotsi."

Munthu uja manyazi anamugwira, koma chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti mawuwo anali oona. Ananyamuka, napita pa mkuyu paja. Anaponya pakati penipeni pa nthambi. Nthawi yomweyo chingwe chinalimba. Anakoka, napeza kuti wagwira mtengo. Anakokanso, chingwe n'kuduka.

Anaima kaye chilili, kudikira kuti choopsa chichitike. Sipanachitike kanthu. Mtsinje unkangoyenda monga mwa masiku onse. Chimene anakhala akuchithawa miyezi yonseyo chinali chomwechi basi: kachitsulo kamodzi kapita.

Anamanga ina, naponya cha kumanzere. Nayonso inapita. Koma tsopano anadziwa chimene sakanachidziwa ali kumchenga: nthambi ina ili apa, ina ili apo, ndiye kuti pakati pake pali mpata. Anatenga mbedza yachitatu, nabisa nsonga yake bwinobwino m'nyongolotsi kuti isamakole mitengo, naitsitsa pang'onopang'ono mumpata muja. Chingwe chinalimbanso. Koma nthambi ya ulendo uno inkayenda. Sanaipatse danga loti ithawire kumizu. Anaponda pansi nganganga, nakoka ndi mphamvu zake zonse, ndipo mlamba waukulu ngati mwendo wa munthu unagwera pamtunda, uli phiriphithiphiriphithi m'matope.

Masana omwewo Nankhoma anadya mpaka kumwa msuzi wa m'mbale, napemphanso mutu.

Tsono inu amene mukundimva, walira mvula walira matope. Chabwino chimene mukuchifuna sichikhala poyera pamene aliyense amachiona. Chili m'nthambi momwe mukuopamo, ndipo njira yake simudzaidziwa mutaima patali. Mbedza ziwiri zinatayika zija ndizo zinamuonetsa munthuyu pamene panali mpata. Ndikukuuziranitu, inunso mudzataya zanu, ndipo zidzakupwetekani. Ponyanibe. Pamene inu mukudzitama kuti simunatayepo kanthu, alipo wina kunyumba kwanu amene akuonda akudikira inu.