Nyimbo ya a Simoni Idafika Mochedwa

A Goodson ankaphunzitsa kwaya ya tchalitchi china ku Madzimoyo. Pa foni yawo adajambulapo nyimbo zonse za a Simoni, mkulu wopeka nyimbo. Tsiku lina foniyo idagwera m'chitsime. Atagula ina ku Chipata, wogulitsa adangodinadina, a Simoni n'kuyamba kuimba, ndi kakutsokomola kawo komwe.

"Atuluka bwanji m'madzi muja?" adafunsa a Goodson.

"Sadalowemo n'komwe, atate. Nyimbozi zimasungidwa m'makompyuta akuluakulu kutsidya kwa nyanja. Timati klaudi. Foni imangokatunga, bola intaneti ikhalepo."

A Goodson adabwerera kwawo akutamanda nkhokwe yosafumbwa, yosapsa, yosaboola mbewa.

Mwa nyimbozo mudali imodzi imene a Simoni adapempha kuti idzaimbidwe pamanda pawo. Akazi awo, a Yosefina, sankatopa kukumbutsa.

"Aphunzitsi, iphunzitseni kwaya. Anzanuwa mwawaona mmene aondera."

"Mayi, kuphunzira nyimbo ya maliro mwiniwake akupuma n'kulaula. Ili pabwino. Tsikulo adzadziimbira okha."

Ngakhale kuikopera m'foni sadaikopere.

A Simoni adatisiya chimanga chitalowa m'nkhokwe, ndipo adakaikidwa kwawo ku Kasenengwa, kuseri kwa phiri. Bokosi litatsika, adzukulu adatsamira makasu n'kudikira. A Goodson adadina foni. Kachizindikiro kankangozungulira ngati nkhuku yomangidwa mwendo. Adakwera pachulu, dzanja m'mwamba, suti yonse chisoso. Intaneti kudalibe.

"Ingoyambani ndi pakamwa, tivomera," adatero a Yosefina modekha.

A Goodson adaimba mzere woyamba, wachiwiri udawathawa. Adzukulu adakwirira manda kuli zii.

Pobwerera, lole yonyamula anthu a pamaliro itangokwera msewu wa tala, intaneti idabwerera, mawu n'kutuluka m'thumba la jekete ya a Goodson. Adali a Simoni, akuimba bwino lomwe ngati ali pakhonde pawo. Dalaivala adaimitsa galimoto. Amayi adagwira pakamwa, abambo adavula zipewa. Mawu a munthu wogona m'dothi adali ataoloka nyanja, n'kudzawapeza fumbi la kumanda likadali kumapazi.

A Yosefina adamvetsera mpaka kumapeto, kenaka adapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Mwafika, bambo, koma takuikani kale." Adatembenukira kwa a Goodson. "Ibwerezeni, aphunzitsi. Sititsika muno tisanaidziwe."

Adalondola akuluakulu ponena kuti fodya n'uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.