Kalata ya Ndaziona Pakhoma

Panali mayi wina wogulitsa tomato pamsika, amene mwana wake wamkazi, Ndaziona, anamwalira ali ku sekondale. M'chikwama cha malemuyo munapezeka kalata yopita kwa mayi ake, yolembedwa ndi inki yofiira, m'mphepete mwake atajambulamo timaluwa. Mayiyo sankadziwa kuwerenga. Anansi atati amuwerengere, anakana.

"Mawu otsiriza a mwana wanga sindingawamvere pakamwa pa munthu wina. Ndidzawerenga ndekha."

Anapita nayo kwa kalipentala kuti aiike mu felemu. Kalipentalayo anaigwira m'mbali mokha, ngati dzira.

"Mayi, ndipatseni sabata imodzi. Ndipeze pepala labwino loika kumbuyo, ndiponso galasi lisakhudze zolembazi. Mukakaipachike kuchipinda, kosafika dzuwa. Inki yofiira ndi dzuwa sizimwerana madzi."

"Sabata yathunthu, bambo, timatabwa tinayi tokhati? Ndipo mwana wanga ndinamuika kale mumdima, sindimuikamonso kachiwiri. Khomani lero, tomato wanga akupsa ndi dzuwa kumsika."

Kalipentala anapukusa mutu, nakhoma.

Mayiyo anaipachika pabalaza, moyang'anizana ndi khomo, pomwe dzuwa la m'mawa limafikira. Tsiku lililonse ankapukuta galasilo ndi nsonga ya chitenje. Ankaona ndithu kuti zolembazo zikuzilala, koma ankati ndi fumbi. Za sukulu ya kwacha ankangoti mawa, mawa, msika sudikira munthu.

Panadutsa zaka zinayi asanakalembetse. Tsiku limene anatha kuwerenga tsamba lathunthu popanda womuthandiza, anathamangira kunyumba osatsanzika ndi aphunzitsi omwe. Anatsitsa felemu ija. Pepala linali mbuu, timaluwa tonse titapita. Anazula timisomali ndi mpeni. Pamwamba penipeni, pomwe thabwa linaphimba pepala, panatsala mawu awiri, ofiira ngati alembedwa dzulo: "Okondedwa Amayi."

Anawerenga. Anawerenganso. Panalibe china.

Amayi anzanga a pasukulu ya kwacha ino, tomato timadziwa kumufunditsa, koma chithunzi cha ukwati ndi setifiketi ya mwana tazisiya zikuwombedwa ndi dzuwa pabalaza. Kazichotsenipo lero lomwe. Musazimate ndi guluu, ndipo mmisiri akati dikirani sabata, dikirani. Koma zilembozi musazidikiritse. Mayi uja anathamanga pofunika kudekha, pofunika kuthamanga n'kukhala pansi. Tsegulani makope, nthawi yatha kale.