Mgolo Wabuluu wa a Gabriel

Pa Nsaru pali anthu amene akangomva kuti chinthu n'chaulere, mphuno imatseka, makutu n'kupita kutchuthi. Tcheyamani wa anthu oterewa anali a Gabriel Chimphepo. Chaka chija makuponi a feteleza atangoyamba, mwana wawo Lidiya anapeza mwamuna wa ku Kabudula, ndipo chinkhoswe anachiika Loweruka. A Gabriel analumbira pamaso pa anthu kuti thobwa la tsikulo likasimbidwa mpaka ku Kasiya, ndipo wotsegula bwalo la perekaniperekani adzakhala iwo, atavala jekete.

Lachinayi m'mawa anatsika matola ndi mgolo wabuluu woti aphikiremo thobwalo, wonyezimira, wopanda ndi dzimbiri lomwe. Anawapatsa ndi mnzawo wa pagalaja ina yopopera penti magalimoto m'tauni. Akazi awo, a Esinati, atangotsegula kachitsekero ka pamwamba anadzandira.

"Bambo a Lidiya, fungo limeneli? Ngati guluu wa osoka nsapato! Mutu wayamba kale kuzungulira."

"Fungo la m'tauni limenelo, mayi. Simunalizolowere chabe."

Mlongo wawo wa a Esinati, a Petro, anapentapo magalimoto zaka zisanu. Anawerenga zolemba za pamgolopo n'kubwerera m'mbuyo.

"Alamu, umu munali thinazi, mankhwala osungunulira penti aja. Dzina lake lenileni ndi toluwini. Zimenezi sizilowa m'mimba mwa munthu, ndipo moto zisauone n'komwe."

"Gwedezani mumve. Mulibe kanthu!"

"Woopsa ndi wopanda kanthuyo. Madzi ake amauma msanga, koma mpweya wake ndi wolemera kuposa timapumawu. Uli phee pansi pamgolopo ngati ng'ona padziwe. Ukangomva kamoto, sufunsa kuti ndinu bambo a ndani."

"Sukulu ya penti yakuvutani eti?" anaseka a Gabriel. "Migolo ndawaula ine ndi yambiri kuposa mano a m'kamwa mwanu."

Apo sananame. Kumudzi mgolo watsopano, kaya munali mafuta ophikira kaya manyuchi, amaponyamo udzu woyaka kuti fungo lipse, kenako n'kuphikiramo. A Petro ataona kuti akuthira madzi pamsana pa bakha, anakwera njinga kukabwereka mgolo wina kutchalitchi.

A Gabriel anayamba ndi kutsuka. Anathira madzi, anathira sopo, anaugubuduza mgolowo bwalo lonse ana akuwaombera m'manja. Atakhuthula, pamwamba pa madziwo panayandama kamafuta konyezimira. Thinazi ndi madzi zili ngati mkamwini ndi apongozi: kuonana amaonana, koma mbale imodzi ayi. Fungo linali pomwepo, likuchita kuseka.

"Dikirani achimwene abwere, chonde," anatero a Esinati.

"Ukwati ndi wa mwana wa a Petro kodi? Wodula chivundikiro cha mgolowu abwera masana, apeze ntchito yatha. Patseni machesi!"

Anasolola udzu padenga la khitchini, anauyatsa, n'kuwerama pakabowo ka pamwamba pa mgolowo ngati munthu wosuzumira m'nkhokwe. Udzuwo sunalowe n'komwe.

Guuu!

Nkhuku zinauluka ngati njiwa. Kumsika ena anagona pansi, ena amati yaphulika thiransifoma. Chivundikiro cha mgolo chinadutsa pamwamba pa mtengo wa mango n'kukatera m'khola la mbuzi za eni ake. A Gabriel anapezeka ali chagada pafupi ndi chigafa cha fodya, nsidze kulibe, ndevu kulibe, malaya akufuka utsi.

"Madzi akuyaka! Amayi inu, madzi akuyaka!" anakuwa mayi wina.

Ndithu, chithaphwi cha madzi otsukira aja chinali lawilawi. Wina anathirapo ndowa yamadzi, moto n'kukwera pamadzipo ngati wapeza matola, ulendo wa kumphasa ya chimera. A Esinati ndiwo anauphimba ndi mchenga, uku akukuwa kuti wina abwere ndi ngolo.

Loweruka linakwana. Ng'oma zinalira, zimbale zinalira, thobwa la mumgolo wa kutchalitchi linamwedwa mpaka anthu kumasula malamba. Bwalo la perekaniperekani anatsegula ndi a Petro. Lidiya anavina akumwetulira, koma maso ake amangobwerera pampando wa bambo ake. Nthawi imeneyo a Gabriel anali gone kuchipatala, nkhope yokulungidwa ngati belo la fodya, m'makutu mukulira njuchi.

Lamulungu a Esinati anapita kukawaona, ndipo polankhula amachita kukuwira kukhutu.

"Anthu anandifunsa?" ananong'ona a Gabriel.

"Kwambiri! Aliyense amafunsa kuti mgolo uja munautenga kuti, kuopa angakatengeko!"

Odwala a m'wodimo anaseka mpaka namwino kubwera. A Gabriel anangoona mano okha, phokoso la kusekako silinawafike. Akuluakulu sanalakwe: samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.