Mbuzi Yoomboledwa Ili pa Chingwe

Panali munthu wina amene mbuzi yake inalowa m'dimba la mnansi wake n'kudya mpiru. Mwini dimba anaigwira, naimangirira ku mtengo wa bwemba. Chingwe chinali chachifupi. Mbuzi inadya udzu wozungulira mtengowo mpaka panatsala fumbi lokhalokha.

Mwini mbuzi anabwera kudzaiombola. Analibe chopereka. Choncho anagwira khasu, nalima dimba lonselo, nabzala mpiru wina, nathirira mpaka manja anatuluka matuza. Mwini dimba anayendera ntchitoyo navomera.

"Mwakwanitsa, achimwene. Mbuzi yaomboledwa."

"Ndiye imasuleni."

"Chingwe chikhale kaye. Tione ngati yasiyadi mpiru. Mudzaitenga tikakolola."

"Aa! Nanga ndaombola chiyani, dzina lake?"

Sanadikire yankho. Anagwada pafumbi paja. Mfundo inali italimba ndi kukoka kwa mbuzi, ndipo zala zotupa zinalephera. Anailuma ndi mano mpaka inamasuka. Mbuzi inaima kaye, yosadziwa kuti khosi lapepuka. Kenako inamutsata.

Akulu a mpingo, inu mwakhala pamipando apo. Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma kufunsa ndimatha. Bambo anga, amene mtembo wawo wagona m'nyumbamu, ankakonda vesi lija loti mwa Iye tili ndi chiombolo. Atayamba kudwala ankalibwereza, koma ngati funso. Ndiye ndinapalasa njinga kukaona a Mkwezalamba, aphunzitsi opuma aja amene anaphunzirako Chigiriki, kuti andiuze mmene linalembedwera poyamba.

Anati liwu la chiombolo ndi apolutrosisi. Analiswa ngati mtedza. M'kati muli luo, kumasula chomangidwa. Koyambirira kwake kuli kaliwu koti "apo", kutanthauza kuchoka nacho, osachisiya pomwepo. Ndinadabwa kuti anthu a kutali chotero ankadziwanso za chingwe.

Ndinafunsa, "Nanga kumasulako n'kwa liti?"

Anandiloza liwu lina, ekhomeni. "Limatanthauza tili nacho. Lero lino."

"Osati tidzakhala nacho?"

"Likanatero likanalembedwa mwina."

Ndinabwerera ndikulitafuna. Tili nacho. Tidzakhala nacho. M'chinenero chathu chomwechi, kamene kamakankhira chinthu kutsogolo ndi kakang'ono, ka "dza" basi. Ndakafufuza m'vesimo, mulibe. Inu munakatenga kuti?

Bambo munawadula mumpingo chifukwa cha mowa. Anasiya. Anaima pamaso panu, mutu wa imvi uli pansi, nalapa. Munati zamveka, mudzawabwezera pa Mgonero wotsatira, muwaone kaye. Amwalira akuonedwa. Lero mukuti wodulidwa sayimbiridwa nyimbo.

Adzukulu atumiza uthenga kuti manda atha. Mayi anga akhala kusiwa chitsekulire khutu kuno. Ife tikunyamula tsopano. Amene ali nacho lero, ayambitse nyimbo.