Tsiku Limene Nyimbo Inadukira Pakati

Ana inu, mwambi umene ndikufotokozereni lero ngwakale kuposa ine. Koma kwathu kumapiri a ku Ntcheu, mukafunsa kumene unachokera, anthu satchula makolo akale. Amatchula a Chagunda ndi akazi awo, Nangozo.

A Chagunda anali mlimi wa mbatata ya kachewere, koma chimene ankadziwika nacho ndi mawu. Ndiwo ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi. Akakoka mpweya kamodzi ankafika nawo kumapeto kwa mzere, anzawo atapumira kale panjira.

Chaka china anayamba kuwonda, ndipo kuchipatala chachikulu anawapeza ndi khansa ya m'mapapo. Mankhwala oyamba sanathandize. Madokotala anati alipo ena atsopano, a m'dilipi, amene amadzutsa asilikali a m'thupi kuti alimbane okha ndi chotupacho, koma kuwapeza kwake kunali kodikira. Mpingo unagwada. Amayi a Mvano ankafika pakhomo Lachinayi lililonse kudzapemphera, mpaka mankhwalawo anapezeka.

Asanawaike dilipi yoyamba, adokotala, mayi wolankhula mofatsa, anawachenjeza.

"Bambo, asilikali akadzuka, nthawi zina sasiyanitsa mdani ndi mwini nyumba. Akhoza kutupitsa mapapo omwe tikuwatetezawo. Mukayamba chifuwa chouma kapena kubanika, musadikire tsiku lanu. Bwerani."

Chotupa chinachepa. A Chagunda anabwerera m'thupi, anabwereranso kumunda. Lamulungu lina anaima kutsogolo n'kunena kuti, "Chimene munapempha chija chachitika." Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya.

Mvula itayamba, chifuwa chinabwera. Chinali chouma, chopanda makhololo.

"Abambo a Lonjezo," anatero Nangozo m'mawa wina, "chifuwa ichi si chimene ananena adokotala chija?"

"Ndi chimfine cha dzinja ichi. Ndiwiritsire bulugamu ndifukize."

"Mwafukiza mpaka nkhuku zachira chitopa. Mwatsala inu nokha."

A Chagunda anaseka, kuseka n'kusanduka chifuwa. Chitaleka, analankhula motsitsa.

"Nangozo, ndikakanena, akandichotsera dilipi. Anthu anachita zikang'a m'maondo chifukwa cha mankhwala amenewa. Ndinaima pamaso pawo kuthokoza. Lero ndikawauze kuti mphatso yawo ikundipweteka? Pakamwa pamene pathokoza sipadandaula."

Kwathu mkazi satulutsa za m'nyumba mwamuna atakana. Koma tsiku ndi tsiku Nangozo ankaona amuna awo akupumira pakati pa nyumba ndi nkhokwe, mtunda umene mwana wokwawa amaumaliza.

Lamulungu lotsatira mvula inali isanakate kuyambira dzana lake. A Chagunda anavala jekete, anafika m'tchalitchi, anaimirira kuyambitsa nyimbo. Anakoka mpweya, anatulutsa mawu oyamba, ndipo pakati pa mzere nyimbo inaduka. Mpingo unali utazolowera kuwatsata, choncho nawo unaima. Kunangomveka mvula pamalata ndi kupuma kwa munthu mmodzi. Milomo ya a Chagunda inali itada. Anakweza dzanja kuti anthu apitirize.

Pamenepo Nangozo ananyamuka mbali ya amayi n'kuwolokera mbali ya abambo, chinthu chimene sichinaonekepo m'tchalitchi chimenecho.

"Pepani abusa. Pepaninso abambo a Lonjezo. Anthu a Mulungu, amuna anga akubisa matenda poopa kukukhumudwitsani. Adokotala ananeneratu kuti mankhwala aja akhoza kutupitsa mapapo. Munapempha bwino, ndipo munalandira. Tsopano ndithandizeni kuwanyamula. Sindikufuna kukhala wamasiye chifukwa cha ulemu."

Galimoto sikanatha kufika, chifukwa njira yonse mpaka kumsewu wa tala inali phala. Abambo a mumpingo anagoneka a Chagunda pa benchi, anawafunditsa pepala la pulasitiki, n'kuika benchilo pamapewa. Mpingo wonse unatuluka ndi zovala zake za Lamulungu. Otopa ankalandiridwa. Mabulawuzi oyera a Mvano anasanduka ofiira, ndipo panalibe wobwerera.

Pa dambo, mkulu wa mpingo, a Thawale, anazula phazi nsapato n'kutsala pansi.

"Aaa, koma matope awa! Nsapato yanga ya ukwati!"

"A Thawale," anatero Nangozo osacheuka, "mwezi wathawu si inu munkatsogolera mapemphero a mvula? Walira mvula, walira matope. Nyamulani."

Anthu anaseka mvula ikuwamenya. Pansi pa pulasitiki, a Chagunda anamva mawuwo, ndipo anadziwa kuti sakupita kwa a Thawale okha.

Kuchipatala atawajambula, anapeza kuti si khansa imene yabwerera, komanso si chibayo wamba. Mapapo anali atatupa ndi nkhondo ya asilikali awo omwe. Anawaika pa mpweya, anaimitsa dilipi, n'kuwapatsa mankhwala oziziritsa asilikaliwo.

"Mukanagonanso kunyumba, tikanalankhula zina," anatero adokotala.

"Nanga dilipi yanga?"

"Kwa ena timayambiranso. Kwa inu ayi, kutupaku kunafika patali. Koma ntchito imene yagwira kale sitha lero."

Zinaterodi. Chotupa chinagona nthawi yaitali. A Chagunda anabwerera kwawo, ndipo Lamulungu loyamba anaima kutsogolo n'kuthokoza kachiwiri, akutchula dzina la Nangozo pamaso pa onse. Anayambitsanso nyimbo. Mpweya sunkafikanso kumapeto kwa mzere, ankapumira pakati. Mpingo unaphunzira kupumira pomwepo, ndipo mpaka lero nyimbo imeneyo kwathu amaiimba choncho, ngakhale mwini wake anagona kale. Benchi lija lilipo. Ndikapita kumudzi ndimakhala pamenepo. A Chagunda anali bambo anga.

Walira mvula, walira matope. Ena amaumva mwambiwu ngati chitonzo, ngati ukunena kuti unafuna wekha, usadandaule. Kwathu sitiumva choncho. Chabwino chilichonse chimabwera ndi zovuta zake, ndipo kutchula zovutazo si kunyoza amene anakupatsa. Matope satanthauza kuti mvula inali yoipa. Wopempha mvula akonzekeretu kuwaponda, ndipo akamira, aitane anzake msanga, mpweya woitanira ukadalipo.